Kalata yochokera ku Joni pa nthawi ya m'bindikiro

Cosmo City, Johannesburg
10 Meyi 2020

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi malume, achemwali ndi ana onse. Kuno tili bwino, ine, mpongozi wanu ndi adzukulu anu awiri. Musamvere zokambidwa pamjigo zoti a ku Joni tatha ndi kolona. Matendawa alikodi ndipo akupha, koma pakhomo pathu sanafike. Chatipeza ife ndi m'bindikiro.

A Ramaphosa, pulezidenti wa dziko lino, adalengeza m'bindikirowu pa 23 Malichi, ndipo pofika pa 27 aliyense anali atatsekeredwa m'nyumba. Poyamba adati masiku 21, kenaka adawonjezera mpaka kutha kwa Epulo. M'misewu munadzaza asilikali ndi apolisi. Wotuluka ndi wokagula chakudya kapena wopita kuchipatala basi. Ngakhale kuthamanga kolimbitsa thupi kudaletsedwa.

Tsono Amayi, nyumba yathu simunaione. Ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni malo, kochepa kuposa khitchini yanu ija. Bedi momwemo, sitovu momwemo, ndowa ndi matiresi a ana momwemo. Mpopi ndi chimbudzi tikugawana ndi mabanja ena. Ife akulu tikhoza kupirira, koma mwana wozolowera kuthamanga kusukulu mungamukhazike pabedi tsiku lonse? Wamwamunayu adayamba kukana nsima, usiku osagona, kangachepe ndewu ndi mlongo wake. Adazindikira vutolo ndi mayi ake. Adati mwanayu sakudwala, miyendo ndi imene ikufuna ntchito.

Ndiye m'mawa uliwonse timaimika matiresi kukhoma, mipando n'kuikweza pabedi kuti pakati papezeke malo. Ana amalumpha jingo ndi chingwe choyanikira zovala. Pakasimenti ka pakhomo tidajambula phada ndi khala. Ine ndimadzaza madzi m'zigubu n'kumanyamula m'mwamba ndi pansi mpaka thukuta, chifukwa manja a munthu wa m'dimba akakhala chabe amafooka, ndipo tsiku lobwerera kuntchito ndikufuna lidzandipeze wamphamvu. Masana mpongozi wanu amamanga chitenje m'chiuno n'kuphunzitsa mtsikanayu chitelera. Mukadamuona m'mene akudulira chiuno, mukadalulutira.

Madzulo ndi amene ndimawakonda. Tidalumikiza matileyi a mazira kukhala bawo, nyemba ndiye nkhomo zake. Tikatopa ndimayamba nthano zanu zija za Kalulu ndi Fisi. Ana awa adazolowera kundiyankha m'Chizulu kapena m'Chingerezi, ndipo zinkandipweteka mumtima ngakhale sindinkanena. Lero ndikangoti "Padangokhala," onse awiri amakuwa "Tilitonse!" mpaka aneba kuseka kuseri kwa khoma. Zaka zonsezi ndinkachoka ana ali mtulo, kubwera akusinza. Ndawadziwa bwino ana anga m'masabata amenewa, ndipo chimenechi chokha ndikuthokoza Mulungu.

Kuyambira pa 1 Meyi atimasulirako pang'ono. Tikuloledwa kuyenda kolimbitsa thupi kuchokera 6 mpaka 9 koloko m'mawa, osapitirira makilomita 5 kuchokera pakhomo, masiki ili kukamwa. Kuzizira kwayamba, komabe timatuluka tonse anayi. Ikakwana 8 koloko usiku aliyense m'nyumba.

Nkhani ya ndalama ndiyo yovuta, sindikubisirani. Maganyu a m'dimba adaima, antchito za m'nyumba nawo sanaloledwe kubwerera. Bwana mmodzi wachifundo akutumizabe kangachepe, ndiko tikugulira ufa ndi kulipirako lendi. Ma R350 amene boma lalengeza kuti lizipatsa osowa ntchito, ife a pasipoti ya Malawi sakutikhudza. Choncho ndalama yothandizira kukolola ichedwa. Ikangopezeka nditumiza pa Mukuru. Chonde musathamangire kugulitsa chimanga kwa mavenda pamtengo wolira, sungani chodya kaye. Bulangeti lanu ndidagula kale, likudikira mabasi, poti malire ndi otseka.

Tidamva kuti kumeneko khoti lidaimitsa m'bindikiro mwezi wathawu. Ndikumvetsa, anthu ambiri amadya zimene apeza tsiku lomwelo. Koma inu Amayi ndinu wamkulu, ndipo matendawa akuvutitsa kwambiri okalamba. Misonkhano ya kampeni ikafika pabwalo la sukulu, musapiteko. Kumaliro khalani chapatali, muzisamba m'manja ndi sopo pafupipafupi.

Achemwali akagule bandulo, atiimbire pa WhatsApp Lamulungu mukaweruka kutchalitchi. Adzukulu anu akufuna mudzawaimbire nokha nyimbo ya m'nthano ya Kalulu. Mundiperekere moni kwa malume ndi onse a pamudzi.

Ndine mwana wanu.