Ophunzira unamwino aziyesedwa m'Chichewa pa kalankhulidwe kawo ndi odwala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene timaidandaula m'minibasi ndi pamaliro koma osaifikitsa kwa oyenera kuimva, ndiyo ya momwe anamwino amalankhulira ndi odwala. Ambirife timangoti ndi chibadwa, kuti uyu ndi waukali ndipo uyo ndi wofatsa. Ine ndikuona kuti kulankhula ndi munthu amene ali mu ululu ndi luso lophunzitsika ngati kubaya jakisoni, ndipo luso limene silionekera bwino pa mayeso wophunzira aliyense amaliika kumbuyo.

Ku France, malamulo a maphunziro a unamwino a chaka cha 2009 anatchula maluso 10 amene wophunzira ayenera kuonetsa pa zaka zake zitatu asanalandire dipuloma, ndipo lachisanu ndi chimodzi ndi lolankhulana ndi wodwala ndi kusunga ubale wabwino naye pa nthawi yonse ya chisamaliro. Namwino amene akuyang'anira wophunzira m'wodi amalemba m'buku la wophunzirayo ngati lusoli waligwira kapena ayi. Masukulu ambiri a zaumoyo m'maiko olankhula Chifalansa amagwiritsanso ntchito mayeso otchedwa ECOS, njira imene Ronald Harden wa ku Dundee, ku Scotland, anaifotokoza mu 1975. Wophunzira amalowa m'chipinda n'kupeza munthu amene waphunzitsidwa kuchita ngati wodwala, ndipo pa mphindi zowerengeka woyesa amaonetsetsa ngati walonjera, ngati wamulola wodwala kumaliza mawu ake osamudula, komanso ngati wamupempha kuti abwereze kamwedwe ka mankhwala pofuna kutsimikiza kuti wamvadi.

Njirayi ili ndi pofooka pake. Wophunzira wochenjera angathe kuloweza mndandanda wonse, n'kumwetulira pa malo oyenera, chonsecho sanamve chimene chamubweretsa munthuyo. N'chifukwa chake ndikuganiza kuti wochita ngati wodwala uja ayenera kupatsidwa mphamvu yopereka malikisi akeake, pakuti ndi iye yekha amene angadziwe ngati anamasuka kunena za kukhosi.

Chimene chikundikhudza kwambiri ndi chiyankhulo. Ku Senegal kapena ku DR Congo wophunzira amaphunzira m'Chifalansa, koma wodwala amene akumuyembekezera m'wodi kawirikawiri amalankhula Chiwolof, Chilingala kapena Chiswahili. Ife vuto lathu ndi lomweli, kungoti m'kalasi mwathu muli Chingerezi. Mtsikana angathe kulemba bwino kwambiri za matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, koma agogo ochokera kwa Mkanda akakhala patsogolo pake, buku la kuchipatala lili m'manja, sadzayamba ndi dzina la nthenda. Adzayamba ndi malonje, kenako adzati m'thupi monse simukuyenda bwino, ndipo chenicheni chidzatuluka pamapeto ngati wofunsayo ali ndi khutu. Mayi wa kumudzi sangatchule msanga za malo obisika kwa namwino wamwamuna wa msinkhu wa mwana wake, makamaka gadiyani ataima pomwepo. Kuno ku Mchinji timalandiranso abale athu ochokera kutsidya kwa malire ku Zambia, amene Chinyanja chawo chimasiyana ndi chathu apa ndi apo. Zonsezi siziyesedwa ndi cholembera.

Ndikudziwa kuti anamwino ndi ochepa, kuti mmodzi amagwira usiku wonse n'kupezanso mzere wautali m'mawa, ndipo boma lisathawe udindo wake pa zimenezo. Komabe wodwala amene wabwerera kunyumba osamvetsa kamwedwe ka mankhwala amadzabweranso atafooka, n'kutalikitsa mzere womwewo.

Choncho ndikupempha bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene limapereka chilolezo chogwirira ntchito, pamodzi ndi Kamuzu University of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, kuti pa mayeso a m'manja pakhale gawo loyima palokha la kulankhulana ndi wodwala, lochitika m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Ochita ngati odwala atengedwe m'midzi yozungulira, amayi ndi abambo achikulire ndithu, ndipo wolephera gawo limeneli alibwereze monga momwe angabwerezere atalephera kuwerengera mlingo wa mankhwala.

Wowerenga wanu,
Kamwendo, Mchinji