Kwa Naphiri, za pepala lako la chitopa

Likuni, Lilongwe

Naphiri mwana wanga,

Kuno tili bwino, kungoti bondo la mayi ako lija layambanso ndi kuzizira kwa Juni. Lamlungu titatha kuyankhulana sindinagone msanga. Mawu ako anali a munthu wosweka mtima, ndipo ine pa foni ndimachita phuma, ndimayankha usanamalize. Ndiye ndati ndilembe, mlongo wako ajambula ndi foni akutumizire ku Pretoria komweko.

Wati magazini ya ku Ulaya ija yabweza pepala lako la katemera wa chitopa pasanathe sabata, osalipereka n'komwe kwa akatswiri ounika, akuti nkhuku za kumudzi si nkhani yawo. Watinso anzako akuti pepala likapanda kutuluka m'magazini ya impact factor yaikulu ndiye kuti zaka ziwiri zomwe unazungulira ku Mitundu ndi ku Dowa zapita pachabe. Ine ku yunivesite sindinapondeko, changa ndi satifiketi ya ulangizi wa ziweto ili pakhoma ija, koma nambala ya impact factor imeneyi ndakhala ndikuisinkhasinkha sabata yonse.

Unandifotokozera wekha kuti amawerenga kuti chaka chino olemba ena atchula kangati mapepala amene magaziniyo inatulutsa m'zaka ziwiri zapitazo, n'kugawa ndi kuchuluka kwa mapepalawo, ndipo kampani ya Clarivate imalengeza chaka ndi chaka. Chabwino. Nanga otchulawo ndani? Si olemba anzawo? Ofufuza khansa ya anthu ali piringupiringu dziko lonse, pamene ofufuza nkhuku zogona kukhitchini ndi ochepa, moti ambiri mumadziwana maina. Magazini a za ziweto nambala zawo zingafanane bwanji ndi za magazini a matenda a anthu? Nambalayo ikuyeza kukula kwa msika, kukoma kwa tomato siikukudziwa. Mlongo wako wandiwerengeranso pa intaneti kuti mu 2012 akatswiri anakumana ku San Francisco n'kugwirizana pa chikalata chotchedwa DORA, choti nambala ya magazini isamakhale muyeso wa ntchito ya munthu. Eni ake omwe akuikayikira.

Chondivuta kwambiri ndi zaka ziwiri zimene nambalayo imawerengazo. Ndili mnyamata ku Mchinji, chigodola cha nkhumba chinkatizunguza mutu. Mwini khola ankakwirira nkhumba zonse, n'kudikira miyezi, n'kugula ana a nkhumba atsopano, koma matenda n'kubukanso m'khola lomwelo popanda nkhumba yachilendo yolowamo. Anthu ankaloza mfiti, ife alangizi tinkaloza nyama ya pamsika. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza, mmodzi mwa iwo Haresnape, anakatola nkhufi m'makola a m'midzi ya kumeneko n'kupeza kuti kachilombo kamabisala m'thupi mwa nkhufizo, ndipo zimakasunga miyezi yambirimbiri zili phee m'ming'alu ya khola. Pepala lawo lina linatuluka mu 1989 mu Epidemiology and Infection. Ine sindinali nawo, koma nditamva ndinapita kukatokosa mng'alu wa chipupa cha khola ndi kamtengo, nkhufi n'kugwera m'dzanja langa, zotuwa, zamakwinya ngati mphesa zouma. Kuchokera tsiku limenelo malangizo anga anasintha: khola lakale lisalowenso nkhumba. Lero chigodola chafika ku Ulaya ndi ku China, kumene chinalowa mu 2018, ndipo iwe wemwe unandiuza kuti olemba za nkhufi amatchulabe Mchinji. Sikelo ya zaka ziwiri ikanaona chiyani pamenepo?

Sindikuti nambalayo uinyoze ayi. Ukabwera kudzafuna ntchito ku Bunda, kapena ukamapempha ndalama za kafukufuku, adzaiyang'ana, ndipo sungadye mfundo za bambo ako. Koma uyambe ndi funso lina: pepala ili liwerengedwe ndi ndani? Magazini iliyonse imalemba poyera nkhani zimene imafuna. Uwerenge pamenepo, ndiponso utsegule makope ake a chaka chathachi uone ngati muli nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe za alimi ang'onoang'ono. Mbuzi sapita nayo pamsika wa kaunjika. Tropical Animal Health and Production dzina lokha likunena kuti ndi ya ziweto za kumadera otentha ngati kwathu kuno. Preventive Veterinary Medicine imakonda nkhani za kafalidwe ka matenda ndi kapewedwe kake, zomwe ndi zakozo. Ndipo pakhomo pako pomwepo pali Onderstepoort Journal of Veterinary Research, imene aliyense amawerenga ulere pa intaneti. Usaiderere chifukwa ili pafupi. Malo ofufuzira matenda a ziweto a Onderstepoort amenewo anayambitsidwa ndi Arnold Theiler mu 1908, ndipo kachilombo ka chigodola cha ng'ombe, Theileria parva, kamene ndathera moyo wanga wonse padibi ndikulimbana ndi nkhupakupa zake, kanatchedwa dzina lake.

Zaulerezi ndazitchula dala. Mlangizi wa ku Nsaru alibe madola ogulira pepala limodzi. Likatsekeredwa, kwa iye n'chimodzimodzi silinalembedwe.

Tsopano imelo ija unaitchula mothamanga ngati sukufuna ndiimve, ya magazini yokulonjeza kutulutsa pepala m'masiku asanu ukangolipira. Naphiri, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Katswiri wanji angaunike ntchito ya zaka ziwiri m'masiku asanu? Amenewo ndi mavenda, akufuna madola ako. Pepala likalowa mmenemo magazini yeniyeni siilandiranso, ndipo dzina lako likhala pamenepo mpaka kalekale. Uyang'ane kaye ngati ili m'mindandanda ya magazini ovomerezeka ya Scopus kapena DOAJ, ufunsenso aphunzitsi ako. Safunsa anadya phula. Akatswiri enieni akadzakubwezera pepala lodzaza ndi mafunso, usapse mtima, uwayankhe limodzi ndi limodzi, ngakhale ooneka achipongwe.

Uganizirenso katemera wa chitopa amene ukumufufuzayo, wotchedwa I-2. I-2 anachokera ku Australia, ku University of Queensland, kwa anthu amene anafuna katemera wopirira kutentha, woti n'kufika kumudzi kopanda firiji. Lero amapangidwa konkuno ku Lilongwe, ku Central Veterinary Laboratory. Mayi ako amamukulunga m'kansalu konyowa, n'kumuika m'kadengu, n'kuyenda naye khomo ndi khomo kusanatenthe. Mwana amagwira nkhuku, iwo n'kudontheza dontho limodzi m'diso, nkhuku n'kuphethira, basi, mpaka miyezi inayi. Mayi ako sanawerengepo pepala la akatswiri amenewo, ndipo palibe kompyuta imene imawerenga madontho awo. Komatu funso lakoli, loti n'chifukwa chiyani mabanja ena amatemera kamodzi n'kuleka, ndi limene iwo amabwera nalo kunyumba atatopa. Yankho lake akulidikira, iwo ndi anzawo onse.

Pali chimodzi chimene chimandiwawabe. Chaka china kunabwera ofufuza, sinditchula kumene anachokera. Ndinayenda nawo masabata atatu, ine kutsogolo kupepesa eni ng'ombe kuti alole tiwatenge magazi. Gogo wina anakana mpaka ndinachita kulumbira kuti zotsatira ndidzabwera nazo ndekha. Anthu aja anakwera ndege, zii. Patapita zaka ndinamva kuti pepala linatuluka. Gogo uja ankati akandiona pamsika, "Alangizi, magazi a ng'ombe zanga aja anati bwanji?" Anamwalira ndisanamuyankhe.

Iwe usadzachite zimenezo. Pepala likatuluka, kaya litulukira kuti, ulembe tsamba limodzi m'Chichewa chomveka. Upite nalo kwa mafumu ndi amayi a ku Mitundu ndi ku Dowa amene anakutsegulira zitseko, usiye lina ku ofesi ya zaziweto ya boma, ndipo a wailesi akakupatsa mpata, ukayankhule. Maina a alangizi amene anakuperekeza uwalembe m'mawu othokoza, utawapempha kaye. Amene anagwira ntchito yeniyeni ya kafukufukuyo, osati kungokulozera njira, ukambirane ndi aphunzitsi ako ngati sayenera kukhala pamndandanda wa olemba.

Unditumizire chidule cha pepalalo, mlongo wako akasindikize ku Area 3 zilembo zikuluzikulu, maso anga masiku ano ndi a nkhuku madzulo. Mayi ako akuti thadzi lakuda lija laswa anapiye 11, kabawi watenga awiri, ndipo tambala wako sakuphedwa mpaka Disembala udzabwere. Akutinso uzivala juzi.

Ndine bambo ako.