Musanadule denga la galimoto kuti muzigonapo, yambani mwawerengera kulemera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga kwa eni ma HiAce ndi ma Nissan Caravan amene akufuna kuika pogona pamwamba pa galimoto zawo, kaya n'cholinga chotenga alendo kupita nawo ku Cape Maclear, ku Liwonde ndi ku Nyika, kaya kungopewa ndalama za malo ogona pa ulendo. Ganizoli ndi labwino: pansi katundu ndi zophikira, pamwamba bedi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ntchitoyi anthu amayambira kugwira girayinda, pamene imafuna tepi ndi sikelo poyamba.

Njira yosavuta ndi tenti yopinda yomangirira pa kaliyala, ngati zija amapanga a Eezi-Awn, Howling Moon ndi Alu-Cab ku South Africa. Simudula kanthu, ndipo tsiku logulitsa galimoto mumangoitsitsa. Koma werengani: tenti ya anthu awiri imalemera makilogalamu 50 mpaka 80, kaliyala wachitsulo n'kuwonjezera ena 20 kapena 30. Buku la galimoto limanena kulemera kumene denga lingasenze galimoto ikuyenda, ndipo nambala imeneyo ndi imene muyenera kuimvera. Galimoto ikaima denga limapirira zambiri, n'chifukwa chake akuluakulu awiri amagonapo popanda vuto. Chimene chimathyola miyendo ya kaliyala ndi kung'amba ngalande za m'mbali mwa denga ndi kudumphadumpha pa msewu wa mabampu. Pa galimoto yaitali ikani miyendo itatu kapena inayi mbali iliyonse, osati iwiri, ndipo mabawuti muziwakunganso mukatuluka mu msewu wafumbi.

Njira zina ziwirizi zimafuna kudula denga, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Pali denga lokweza ndi kutsitsa, la pop-top, lokhala ndi chinsalu m'mbali, ndiye pali denga lalitali la fayiba lokhazikika, lowonjezera masentimita 40 mpaka 60 kuti munthu aziimirira mkati. Lusoli si lachilendo. Kampani ya Westfalia ku Germany inayamba kusandutsa mabasi a Volkswagen kukhala ogonamo mu 1951, ndipo a Mazda anatulutsa Bongo Friendee mu 1995 ili kale ndi denga lokwezedwa ndi magetsi, lotchedwa Auto Free Top. Madenga amenewa analimba chifukwa opanga anabwezera mphamvu imene anachotsa podula. Kunena zoona, amene sanagule galimoto angachite bwino kufunafuna Bongo yoteroyo kwa oitanitsa galimoto ku Japan kusiyana ndi kuboola HiAce yabwinobwino.

Mukachotsa siling'i muona mitanda yachitsulo yopingasa denga. Imeneyo si yogwirira siling'i yokha. Imamanga mbali ziwiri za bodi kuti zisakanuke, ndipo galimoto ikagubuduzika ndi imene imatchinjiriza mitu ya anthu. Bodi yodulidwa mitanda popanda kuibwezera ili ngati lichero lochotsedwa mkombero. Zizindikiro zake siziachedwa: chitseko chotsereza chimayamba kulimba, magalasi a m'mbali kulira, kenaka ming'alu m'makona a malo odulawo.

Choncho felemu ikonzedwe denga lisanakhudzidwe. Denga logula lopangidwira mtundu wa galimoto yanu limabwera ndi felemu yakeyake, musaisiye pansi poti yachuluka mabawuti. Ngati mukupangitsa kwa owotcherera, ikhale ya paipi ya makona anayi, ya mamilimita 25 kwa 25 kapena kuposerapo, yochindikala mamilimita 2, yozungulira bowo lonse ndi kugwirira pa nsanamira za bodi, osati pa lata la denga. Mtanda wa kuseri kwa mipando yakutsogolo ndi wa pamwamba pa chitseko chakumbuyo isiyeni. Galimoto iime pamalo osalala, yezani kuchokera kona ina kufika kona yopingasana nayo mbali zonse ziwiri musanadule, mudzayezenso mutamanga felemu. Miyeso ikasiyana ndiye kuti bodi yapotoka, ndipo denga latsopano silidzakhala bwino. Siyani mlomo wa lata wa masentimita 5 mpaka 10 kuzungulira. Yang'anani kaye mawaya a magetsi ndi mapaipi a eyakoni yakumbuyo amene amadutsa m'siling'i, ndipo batire lichotsedwe musanawotcherere.

Podula gwiritsani ntchito jigsaw, kasowo ka magetsi, ya mano ang'onoang'ono. Girayinda ndi yachangu, inde, koma zothetheka zake zimamatirira pa penti ndi pa magalasi, mvula yoyamba ikangogwa galimoto yonse imatuluka timadontho ta dzimbiri. Imapserezanso penti m'mphepete mwa modulamo. Mukadula, palani m'mphepetemo, sesani tizitsulo tonse, pakani praima ndi penti tsiku lomwelo.

Kunena za fayiba, amisiri okonza maboti kunyanja amaidziwa bwino kuposa ambiri a m'magalaja. Denga limafuna kuchindikala pafupifupi mamilimita 4 mpaka 5. Nsalu ya fayiba ya magalamu 450 pa sikweya mita imapereka pafupifupi milimita imodzi, ndiye kuti muyale kanayi kapena kasanu, pamwamba pa gelcoat, utoto wosalala wa kunja kwa fayiba, yoyamba kupakidwa m'chikombole. Kilogalamu imodzi ya nsalu imamwa rezini, guluu wamadzimadzi woumitsa nsaluyo, pafupifupi makilogalamu 2.5. Mukayala kanayi, sikweya mita imodzi imalemera makilogalamu 6 ndi pang'ono, moti denga la masikweya mita 8 limafika 50 musanaikemo bedi. Mankhwala oumitsira ndi mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu ya rezini. Mu Okutobala thirani 10, sakanizani pang'onopang'ono, gwirirani pamthunzi, apo ayi rezini imauma m'chitini mpaka kufuka utsi musanamalize kupaka. Kuthira ochepera pamenepo nakonso n'kulakwa, chifukwa fayiba imakhala yonata osauma. Thovu la mpweya litulutsidwe ndi rola, pakuti paliponse pooneka poyera ndi pofooka. Pakati pa denga muikemo timitanda ta thabwa kapena ta siponji yolimba n'kutikuta ndi fayiba, kuti lisamabonyoke. Mtundu ukhale woyera. Lakuda limatentha zosagoneka.

Polumikiza fayiba ndi chitsulo ndi pamene madenga ambiri amadonthera. Silikoni ya m'bafa isafike pamenepa: imasupuka, penti siigwira, ndipo pamene yapakidwa guluu wina sadzamatanso mpaka mutapala. Chofunika ndi guluu wa polyurethane, monga Sikaflex 252, pamalo opalidwa ndi sandipepala, opukutidwa mafuta ndi kupakidwa praima yake. Ikani timphira ta mamilimita 3 pakati kuti guluu asafinyike yense. Fayiba ndi chitsulo zimafutukuka mosiyana dzuwa likawomba, ndiye guluu wochindikalayo ndi amene amalola kusunthako. Amauma mamilimita 3 kapena 4 okha pa tsiku, choncho galimoto ikhale masiku awiri kapena atatu osayenda. Mabawuti akhale ndi mawashala aakulu, osakunga mopitirira, kuopa kung'amba fayiba. Musanabwezere siling'i, wina athire madzi ndi paipi kwa mphindi 15, wina ali mkati ndi tochi.

Pop-top ili ndi mavuto akeake. Nthawi zambiri limakhala ndi mahinji kumbuyo n'kumatsegukira kutsogolo, kumene mphepo imachokera. Loko imodzi ikaiwalika, mphepo imalowa pansi n'kulikweza galimoto ili pa liwiro. Ikani maloko awiri ndi malamba awiri owonjezera. Timashoko ta gasi tokwezera timalembedwa mphamvu yake ndi chilembo N. Mukaika sola pamwamba mufunika tamphamvupo, ndipo tisinthidwe tonse tiwiri pamodzi. Potsitsa, tsegulani chitseko kuti mpweya utuluke, n'kukokera chinsalu mkati chisapanidwe ndi zitsulo. Chikapindidwa chonyowa chimachita nkhungu m'masiku ochepa, ndiye m'dzinja muzilikweza dzuwa likangotuluka. Bedi limakhala pafupifupi mita 1.2 kwa 1.9, matiresi a masentimita 4 kapena 5 okha kuti denga litseke. Pansi pa matiresi pakhale timatabwa totalikirana, chifukwa ku Chelinda, ku Nyika, mu Juni mpweya wa ogona umasanduka madzi pa thabwa lozizira. Ndipo kuzizire bwanji, mbaula isalowe mkati. Mpweya wapoizoni wochokera ku makala sununkha, umapha anthu ali m'tulo.

Chilichonse mwa zitatuzi chimakweza kulemera m'mwamba. Galimoto imapendekeka kwambiri pokhota, imakankhidwa ndi mwera, imamwanso mafuta ambiri, makamaka ya denga lalitali. Pa makona a msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kusiyanako mudzakumva m'manja. Zigubu za madzi, silinda ya gasi ndi tayala lapadera zikhale pansi. Yezani msinkhu watsopano wa galimoto, mulembe pa kapepala n'kumata pa dashibodi chifukwa cha mageti, nthambi ndi mawaya. Ndipo musanadule, kafunseni ku Road Traffic zimene adzafune pa COF galimoto ikasinthidwa bodi, a inshuwaransi nawo muwadziwitse m'kalata, yankho lawo mulisunge pamodzi ndi mapepala a galimoto.

Ine wanu,
Mmisiri wa mabodi a galimoto,
Lilongwe