Mbande zokha sizingapulumutse mtsinje wa Mulunguzi

Akonzi,

Tipatseni danga m'nyuzi yanu tilankhulepo za Mulunguzi, kamtsinje kamene mzinda wonse wa Zomba umamwa. Nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timaona zithunzi za akuluakulu atagwada ndi mbande m'manja, ndipo timamva kuti mitengo yadzalidwa yochuluka zedi. Zimenezo sitikutsutsa. Koma madzi a Mulunguzi amatayika mu Seputembala ndi mu Okutobala, pamene moto ukuyenda m'phiri ndipo ojambula zithunzi anabwerera kalekale.

Tiyambe ndi mmene mtsinjewu ulili. Umayambira pamwamba pa phiri la Zomba, m'madambo ndi m'timifuleni ta m'munsi mwa nsonga ngati Malumbe, yomwe ndi yotalika kupitirira mamita 2,000. Umagwa pa mathithi a Williams ndi a Mandala, madzi ake n'kusungidwa mu damu la Mulunguzi lomwe linamalizidwa cha m'ma 2000. Pamenepo ndi pamene bungwe la Southern Region Water Board limatenga madzi opita mumzinda, ndipo amatsika okha chifukwa cha kutsetsereka kwa phiri. Otsalawo amadutsa ku Botanic Gardens, kukathira mu Likangala, Likangalayo n'kudutsa m'minda ya mpunga mpaka kukafika m'nyanja ya Chilwa. Dera lonse limene mvula yake imatsetserekera mu Mulunguzi pamwamba pa phiri ndi laling'ono, munthu wamphamvu angathe kulizungulira wapansi tsiku limodzi. Choncho mahekitala ochepa chabe akaonongeka, mpopi wa ku Chinamwali kapena ku Matawale umadziwa.

Masamu ake ndi awa. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa hekitala imodzi, amenewo ndi malita 10,000. Mvula ya mamilimita 50, yomwe m'phirimu imatha kugwa masana amodzi, ndi malita 500,000 pa hekitala. Nkhani yonse yagona pa kumene madziwo apite. Pamene pali mitengo, udzu ndi masamba oolerana, ambiri amalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka mu Novembala. Pamene papsa, dontho limamenya dothi la mbee, timabowo ta m'nthaka timatsekeka, ndipo madzi amathamanga tsiku lomwelo atanyamula dothi lapamwamba. Dothilo likafika mu damu limakhazikika pansi, n'kulanda malo a madzi. Lopepuka limapitirira mpaka koyeretsera, kumene pamafunika mankhwala ochuluka kuti madzi ayere, ndipo mtengo wake umathera pa bilu ya munthu wamba.

Pa malo onse a m'derali, ofunika kwambiri ndi madambo a kumtunda. Ambiri amaona dambo ngati malo ongokhala, oyenera kudzalidwa mitengo kapena kulimidwa mbatata ya kachewere. Dambo ndiye mtsuko wa mtsinje. Muponde m'menemo mu Ogasiti, nsapato imatitimira ndipo madzi akuda bii amadzadza pamene mwachotsa phazi. Mukakumba ngalande imodzi yokha kuti paume, madzi amene akanatuluka kwa miyezi isanu amatha m'masabata ochepa. M'dambo musadzalemo mtengo uliwonse, ngakhale wachilengedwe. Ntchito yake ndi kulisiya ndi udzu wake, kuletsa ziweto ndi makasu, ndi kutseka ngalande zakale ndi zibuma za udzu.

Apa ndi pamene timasiyana maganizo ndi ena amene amati mtengo ndi mtengo basi. Paini ndi bulugamu amakula msanga, amakhala ndi masamba chaka chonse, ndipo amamwa madzi chilimwe chonse. Paini ali ndi malo ake m'phiri la Zomba, matabwa ake amadyetsa mabanja ambiri, koma malo akewo si m'mphepete mwa madzi. Ife tikuti mamita osachepera 15 mbali iliyonse ya kamfuleni, ndi mamita 30 kuzungulira dambo kapena kasupe, pasakhale paini, bulugamu kapena munda. M'mphepetemo muyenera mitengo yozolowera kuima m'madzi: nyowe, mwimbi, msopa, mkuyu, ndipo kumunsi kotentherako mbawa ndi nsungwi. Pafupi penipeni ndi madzi pasiyidwe bango ndi udzu, chifukwa mizu yake yolukana ndiyo imagwira gombe madzi akasefukira. Mtengo waukulu woima wokha pagombe lopanda udzu, madzi amaukumba kunsi mpaka kuugwetsa.

Ndiponso si pena paliponse pofunika mbande. M'mapiri a m'munsi, mmene munali mitengo ya tsamba, mombo ndi masuku, zitsa zambiri zili moyo. Chitsa chotero chili ndi mizu yakale yozama, ndipo mphukira yake imaposa mbande ya m'chubu kutalitali. Chofunika ndi kusankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka pa chitsa chilichonse, kudula zinazo ndi chikwanje chakuthwa modula chokweza kuti khungwa lisang'ambike, ndi kuteteza malowo ku moto ndi mbuzi kwa zaka zitatu. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya nazale. Vuto lake n'lakuti palibe mwambo wodulira riboni pa chitsa.

Kumene mbande zikufunikadi, zolakwika zake n'zodziwika. Choyamba ndi kuchedwa. Mbande yodzalidwa kumapeto kwa Malichi imapeza mvula ikutha, mizu isanazame, ndipo pofika Ogasiti yauma. Zilowe pansi mvula ikangokhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Maenje akumbidwe mvula isanayambe, masentimita 30 mulifupi ndi 30 kuzama, dothi lapamwamba liikidwe padera kuti libwerere pansi pa dzenje. Pa mpata wa mamita 3 mbali zonse, hekitala imalowa mbande pafupifupi 1,100. Masabata anayi zisanadzalidwe, mbande zichepetsedwe madzi ndi kuchotsedwa pa mthunzi kuti zikhwime. Chubu chichotsedwe, tikunena izi chifukwa mukazula mbande zouma m'malo ambiri mupeza mizu itapindikira m'pulasitiki momwemo. Pakatha mwezi, mubwerere kukabwezeretsa zakufa. Kenaka kupalira mozungulira, mita imodzi mulifupi, kawiri kapena katatu pa dzinja, kwa zaka ziwiri. M'phiri muno udzu wa tsekera ndi mabulosi aminga aja ogulitsidwa m'mbali mwa msewu wa ku Ku Chawe amakula msanga moti amakwirira mbande m'miyezi iwiri.

Tsono moto. Paini wamng'ono akapsa kamodzi, watha. Mitengo yachilengedwe imaphukanso, koma ikamapsa chaka ndi chaka imangokhala zitsamba zofika m'mawondo. Moto umachokera kwa osaka mbewa ndi nyama, ofula uchi, otentha makala, ndiponso nthawi zina kwa anthu okwiya chifukwa sanalipidwe ganyu kapena analandidwa malo otola nkhuni. Chifukwa chomalizachi anthu sakonda kuchitchula pa misonkhano, koma njira yotchinga moto siletsa munthu wolowa ndi machesi m'kati mwenimweni mwa munda wa mitengo.

Njira zotchinga moto zilambulidwe mu Meyi ndi Juni, udzu usanaumitse. Zikhale zosachepera mamita 5 mulifupi, ndipo pa malo otsetsereka kwambiri zifike 10, chifukwa moto umathamanga pokwera phiri ndipo malawi amawerama n'kudumpha kanjira kopapatiza. Udzu wolambulidwa usaunjikidwe m'mbali mwa njirayo, umenewo ndi mlatho wa moto. Ukokeredwe pakati n'kutenthedwa m'mawa kapena madzulo kopanda mphepo. M'nkhalango yachilengedwe yokhwima, kutentha msanga mu Juni kumathandiza, popeza moto wake ndi wozizira ndipo umangonyambita udzu. Wa mu Okutobala umapsereza mpaka khungwa ndi manyowa a m'nthaka. Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala: njira yolambulidwa molunjika kutsika phiri imasanduka chigwembe mvula yoyamba. Pamafunika timizere topingasa, mamita 20 aliwonse kapena kuchepera, topatutsira madzi mu udzu. Chimodzimodzi misewu ya magalimoto a matabwa ndi tinjira tokokeramo zipika. Mukaimirira m'munsi mwa malo amene adulidwa kumene mvula ikugwa, muona kuti madzi ofiira kwambiri akuchokera m'tinjira timeneti.

Kudula nako kukhale kwa magawo. Phiri lonse lambali imodzi likametedwa chaka chimodzi, nthaka imakhala pamtunda zaka zitatu kapena zinayi mitengo yatsopano isanatseke. Nthambi zotsala zisatenthedwe, ziyalidwe m'mizere yopingasa phiri kuti zigwire dothi. Anthu a ku Zomba safunika kuuzidwa zimene phirili limachita likakhuta madzi. Napolo wa mu Disembala 1946 akadali m'kamwa mwa agogo, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe mmene matope ndi miyala zimatsikira. Mvula ya mtundu umenewo mitengo siingailetse yonse, koma phiri lometedwa limagumuka ndi mvula yocheperapo.

M'minda ya m'munsi mwa nkhalango, ntchito ndi ya akalozera, mizere yopingasa phiri pa levulo imodzi yotchinga madzi. Chida chake n'chosavuta: mitengo iwiri ya mamita 2 yomangidwa pamwamba, wina wopingasa pakati, chingwe ndi mwala wolendewera. Chisanagwire ntchito chiyesedwe. Muimike, mulembe pamene chingwe chakhudza mtengo wopingasa, mutembenuze miyendo pa malo omwewo, mulembenso; pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiye pa levulo. Osachita izi, mzere umapendekera mbali imodzi, madzi onse amasonkhana pamenepo n'kuboola, ndipo mlimi amati akalozera ndi amene amuonongera munda. Muyambe kumtunda kwa munda, osati kumunsi. Pa malo otsetsereka kwambiri akalozera atalikirane mamita 5, pa otsetsereka pang'ono mamita 10 mpaka 15, ndipo mizere yonse ya mbewu itsatire akalozerawo, ndi ngonyeka m'makwawa. Vetiva adzalidwe pa mzere wa kalozera motalikirana masentimita 10 mpaka 15, masamba atadulidwa kutsala masentimita 20. Pamene pafa padzalidwenso msanga, chifukwa mpata umodzi mu mpanda wa vetiva umakoka madzi onse ngati khomo.

Zigwembe zimene zilipo kale zimafuna zotchinga za miyala kapena za zikhomo ndi nthambi. Msinkhu wake usapitirire masentimita 60. Zing'onozing'ono zambiri zimaposa chachikulu chimodzi. Pakati pakhale potsikirapo kuti madzi adutse pamenepo, m'mbali chilowe m'khoma la chigwembe masentimita 30 kapena kuposa, ndipo kumunsi kwake kuyalidwe miyala pogwera madzi. Chotchinga chopanda miyala yogwerapo chimakumbidwa kunsi, ndipo chosalowa m'khoma madzi amangochilambalala. Msonga ya chotchinga cha kumunsi ikhale yofanana ndi tsinde la cha kumtunda. Koma zonsezi n'kutaya mphamvu ngati madzi olowa kumutu kwa chigwembe sanachepetsedwe.

Pempho lathu kwa a nthambi ya zankhalango, a khonsolo, a bungwe la madzi ndi mafumu a m'mphepete mwa phiri ndi la zinthu zitatu. Pa ndalama iliyonse yoikidwa pa kudzala mitengo, gawo lofanana nalo lisungidwe la kupalira, kulambula njira za moto ndi kulipira alonda a m'midzi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo alipidwe m'nthawi yake. Chiwerengero cholengezedwa chikhale cha mitengo yamoyo yowerengedwa mu Novembala, osati cha mbande zotuluka ku nazale. Kuwerengako sikovuta: mizere khumi yosankhidwa mwachisawawa, maenje 50 pa mzere, n'kuona angati ali ndi mtengo wobiriwira. Ndipo mtsinjewo uziyezedwa, zotsatira zake zizilembedwa poyera. Zomba ili ndi yunivesite ya Malawi ndiponso likulu la kafukufuku wa nkhalango la FRIM, kotero akatswiri sakusowa. Asodzi a ku Kachulu, amene anaona Chilwa ikuphwa mu 1995 ndi mu 2018, nawonso nkhaniyi ikuwakhudza.

Ngakhale kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu ingathe kuyeza kamfuleni. Musankhe malo owongoka a mamita 10. Muyeze mulifupi mwake, ndi kuzama pa malo asanu modutsa mtsinje, n'kupeza pakatikati pake. Muponye chipatso choyandama kumtunda n'kuwerenga masekondi, katatu. Tinene kuti mulifupi ndi mamita 2, kuzama ndi masentimita 20, ndipo chipatso chatenga masekondi 20: liwiro ndi theka la mita pa sekondi, zomwe zikupereka malita 200 pa sekondi. Muchotseko gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa madzi a pansi amayenda mochedwa ndi miyala, mutsala ndi malita 160. Tsiku lomwelo mutunge madzi m'botolo loonekera, likhale usiku wonse, m'mawa muyeze matope a pansi ndi rula. Muchite zimenezi pa malo omwewo, sabata yoyamba ya mwezi uliwonse, makamaka mu Okutobala madzi atachepetsetsa ndiponso tsiku lotsatira mvula yoyamba yamphamvu.

Ndife,
Alangizi a zankhalango ndi zamadzi opuma pantchito,
Zomba