Kalata kwa mphwanga wotchinga kumbuyo

Wokondedwa mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti aphunzitsi akuika kumbuyo mu timu ya kusukulu, ndipo kuti wakhala ukudandaula chifukwa mtima wako unali pa kumwetsa zigoli. Ndaganiza zokulembera za Patrick Mabedi, Mmalawi amene anasewera malo omwewo.

Mabedi anayamba kudziwika kuno kwathu akusewera mu timu ya Bullets ya ku Blantyre, yomwe masiku amenewo inkatchedwa Bata Bullets. Kuchoka kumeneko anapita ku South Africa, kumene anakalowa timu ya Kaizer Chiefs ya ku Johannesburg. Imeneyi ndi timu yokhala ndi otsatira ambiri zedi m'dzikomo, komabe eni ake anasankha mlendo wochokera ku Malawi kuti akhale kaputeni wawo. Udzifunse chifukwa chake. Wotchinga kumbuyo amaona bwalo lonse lili patsogolo pake, kotero amadziwa msanga pamene patseguka mpata, nakuwira anzake kuti atseke adani asanafike pa goloboyi. Ntchito imeneyi imafuna maso, mawu ndi kudekha, ndipo Mabedi anali nazo zonsezi. Sankathamangira kugwetsa mnzake, koma ankadikira nthawi yoyenera kulanda mpira.

Usaganize kuti zigoli sankazidziwa. M'chaka cha 2001, Chiefs inakumana ndi Interclube ya ku Angola pamasewero omaliza a chikho cha mu Africa cha matimu opambana zikho m'mayiko awo. Ku Luanda analepherana 1-1, ndipo atabwerezana ku Johannesburg, Chiefs itapatsidwa penate, amene anaima pa mpirawo ndi kuugoletsa anali Mabedi. Chigoli chimodzi chimenecho ndicho chinabweretsa chikho. Mu 2004 Chiefs inatenga ligi imene inali isanaione kuyambira 1992, ndipo chaka chotsatira inaitenganso, iye ali kaputeni. Pambuyo pake anasewerako Moroka Swallows.

Atasiya kusewera anayamba uphunzitsi, ndipo apa mpomwe ndikufuna umvetsetse bwino, chifukwa njirayi inali yokwera ndi kutsika. Anabwerera ku Chiefs ngati wothandizira mphunzitsi Steve Komphela, ndipo Komphela atatula pansi udindo mu 2018, Mabedi anagwirizira timuyo kwa kanthawi. Kenaka anabwera kwawo kudzaphunzitsa anyamata osapitirira zaka 20, asanapatsidwe Flames mu 2023. Pa mpikisano wa COSAFA ku Durban chaka chimenecho, anyamata ake anagonjetsa Zambia, Seychelles ndi Comoros popanda kulowetsedwa chigoli n'chimodzi chomwe, zomwe zinaonetsa kuti anawaphunzitsa luso lake lotchinga. Anadzatuluka pa mapenate atakumana ndi Lesotho mu semifainolo.

Mu 2024 zinthu sizinamuyendere, Flames inagonja masewero angapo opitira ku AFCON, ndipo anachotsedwa ntchito. Ine zinandipweteka, ndipo mpaka lero ndimaona kuti munthu womanga timu ya achinyamata amayenera kupatsidwa nthawi yotalikirapo kuposa imene iye anapatsidwa.

Ukamasewera Loweruka lino, uziyang'ana kumene mdani akuthamangira osati mpira wokha, ndipo uzilankhula ndi goloboyi wako mosachita manyazi. Ukandilembere kuti masewerowo anatha bwanji, ndiponso upereke moni wanga kwa amayi ndi abambo ako.

Ndine malume ako.