Kodi ndiwabisire achimwene mankhwala m'chakudya?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimakhala ndi achimwene anga, a zaka 41, omwe akhala akudwala matenda a maganizo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Madokotala amati ndi schizophrenia. Abale akundiumiriza kuchita chinthu chimene mtima wanga ukukana, ndiye ndati ndimve maganizo anu.

Achimwene ndi telala, ndipo matendawa akagona simungadziwe n'komwe kuti amadwala. Chaka chatha anadwalika. Anatha masiku anayi osagona, akuyankhana ndi mawu amene ife sitinkawamva. Tinawagwira anthu anayi, kuwamanga manja ndi nsalu, ulendo wa kuchipatala. Pepala lowagonekera ndinasaina ndine. Kumeneko anawamangirira pabedi ndi malamba n'kuwabaya jekeseni. Sanakuwe, anangondiyang'ana, ndipo maso amenewo ndimawaonabe mpaka lero. Atatuluka anandiuza kuti malamba aja sanawapweteke kwenikweni. Chinawapweteka n'chakuti palibe ngakhale mmodzi amene anawauza dzina la mankhwala amene ankawabayawo.

Anawapatsa mapiritsi a haloperidol. Mawu aja anasiyadi, sindinganame. Koma khosi linayamba kuuma, manja kunjenjemera, miyendo osakhazikika moti kukhala pansi kwa mphindi khumi kumawavuta. Tsiku lina ndinaima pakhomo kuwaonerera akulowetsa ulusi pasingano ya makina. Anayesa kasanu, ulusi ukungodutsa pambali. Kenako anavula tepi m'khosi, kuipinda bwinobwino, n'kutuluka panja. Munthu amene anandilipirira sukulu ndi singano yomweyo! Makasitomala nawo anayamba kutenga nsalu zawo mmodzimmodzi.

Tikapita kukaonana ndi dokotala, mafunso onse amabwera kwa ine. "Akugona bwanji? Akumwa mankhwala?" Eniake ali phee pampando pomwepo. Atadzilankhulira okha za kunjenjemerako, anayankhidwa kuti bola kunjenjemera kusiyana ndi kubwerera kuwodi. Mwina dokotalayo anali atatopa, mzere unali wautali, koma kwa ine kumeneko kunali kuopseza.

Mwezi watha anasiya kumwa mapiritsiwo. Sanachite mobisa ayi, anandiuza maso ndi maso. Sakukana kuti amadwala, ndipo sakukana mankhwala onse. Akufuna awasinthire kapena awachepetsere mlingo kuti abwerere pamakina.

Apa ndiye pamene abale alowererapo. Amalume akuti ndizipera mapiritsi n'kuthira m'chakudya. Azakhali akuti tiwagwirenso akabayidwe jekeseni ya mwezi ndi mwezi, afune asafune. Onse akuti munthu wodwala mutu safunsidwa. Ndiulule, tsiku lina ndinaperadi piritsi limodzi ndi supuni. Nditayang'ana ufa uja ndinakumbukira kuti pamene anadwalika paja, chimene ankaopa kwambiri n'chakuti wina akuwathirira poizoni m'chakudya. Ndine ndinkalawa mbale yawo iwo akuona kuti adye. Ndiye lero ine yemweyo ndikhale wothira? Atadzazindikira, angadzadyenso za m'manja mwa ndani? Ufawo ndinautaya.

Namwino wina wachifundo anandikokera pambali n'kundiuza zimene dokotala sanatiuze. Anati kuuma ndi kunjenjemerako ndi mavuto odziwika a haloperidol, ndipo pali mankhwala monga trihexyphenidyl amene amachepetsa vutolo. Anatchulanso risperidone ndi olanzapine, ngakhale anachenjeza kuti nawonso ali ndi zovuta zake, makamaka olanzapine amene amanenepetsa. Ananenanso za pangano la United Nations la 2006 lokhudza ufulu wa anthu olumala, lomwe limaphatikiza odwala matenda a maganizo. Gawo 12 la panganolo limati munthu wotere ali ndi ufulu wosankha yekha zochita monga wina aliyense, ndipo ngati akufunika thandizo posankhapo, athandizidwe. Anati ena amalemba pepala akadali bwino, lonena mankhwala amene akuwavomera, amene sakuwafuna, ndi munthu woti aitanidwe zinthu zikavuta. Nditawafotokozera achimwene, anapempha cholembera nthawi yomweyo.

Komabe mantha sakundichoka. Namwino yemweyo anandichenjeza kuti kusiya mankhwalawa mwadzidzidzi kumatha kudzutsa matenda, ndipo masiku atatu apitawa ndawamva akuyendayenda usiku. Sanamenyepo munthu chiyambire, koma chaka chatha anaswa zenera ndi dzanja, ndipo m'nyumba muno muli ana anga awiri. Zikavuta, abale onse adzaloza chala ine.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi dokotala ndimulankhule bwanji kuti azifunsa eniake, popanda kuoneka ngati ndikumuphunzitsa ntchito? Akakana kusintha mankhwala, tingapemphe kuonana ndi wina? Amalume ndiwayankhe motani mwaulemu, poti iwo akuona ngati ndikulekerera? Nanga matenda akadzukadi, ndi pati pamene ndiyenera kusiya kumvera achimwene n'kuitana anthu? Pepala lija alembamo kuti ngati zitafika poipa, ndidzawaperekeze ndekha ndipo asadzamangidwenso. Andipempha kuti ndisainire pansi pa dzina lawo. Lili m'chikwama changa sabata yachiwiri tsopano, sindinasaine, chifukwa sindikudziwa ngati ndingathe kusunga lonjezo limenelo.

Ine wanu,
Mlongo wothedwa nzeru