Musanagule sutukesi, onani madeti a pa mapepala anu

Akonzi,

Ndipatseni kampata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhuleko ndi anzanga amene akukonzekera ulendo wokakhalitsa kunja, kaya ndi wa sukulu, wa ntchito kapena wokalera zidzukulu. Ndinagwirapo ntchito pa kauntala ya kampani ya ndege, paja munthu amaonetsa mapepala ake asanakwere, ndipo anthu ambiri amene tinkawabweza sanali opanda mapepala ayi. Anali nawo onse, osanjidwa bwino mufayilo, koma limodzi mwa iwo linali litatha mphamvu kapena lisanayambe kugwira ntchito.

Pasipoti ndiyo inkaliza anthu kwambiri. Munthu amaona kuti idzatha mu Ogasiti pamene ulendo ndi wa mu Meyi, n'kumati zili bwino. Sizili bwino. Maiko ambiri amafuna kuti ikhale idakali ndi miyezi 6 pa tsiku limene mukulowa. Maiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya amene munthu amalowamo ndi viza imodzi, amawerenga mwa njira yawo: ikhale ndi miyezi 3 kupitirira tsiku limene mudzatulukeko, ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, ndipo pofunsira viza pakhale masamba awiri opanda chidindo. Musamakwiyire mtsikana wa pa kauntala. Iye amangowerenga zimene zalembedwa mu Timatic, ndondomeko ya malamulo olowera m'maiko ya bungwe la makampani a ndege la IATA, ndipo kampani ikanyamula munthu woti akakanidwa uko, imalipitsidwa chindapusa n'kumubwezanso ndi ndalama zake. Ndinaonapo bambo wina wachikulire, atavala suti yatsopano, akutsegula ndi kutseka pasipoti yake ngati kuti detilo lisintha akayang'ananso, abale omuperekeza ali panja akujambulana zithunzi.

N'chifukwa chake ndimati pasipoti iziyamba, zina zonse zizibwera pambuyo. Viza imamatidwa m'pasipoti kapena kulumikizidwa ku nambala yake, ndiye mukaisintha mutapeza kale viza mwadziputira ntchito ina. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la m'pasipoti chilembo ndi chilembo. Amayi amene satifiketi ya sukulu ili m'dzina la makolo koma pasipoti ili m'dzina la amuna awo, tengani mtchatho wanu kapena kalata yolumbira kwa loya.

Koma kufulumira nakonso kumapweteketsa, ndipo apa m'pamene anthu akhama amagwera. Pepala lililonse lili ndi nthawi yake. Khadi la katemera wa yellow fever limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, choncho kubayitsa mawa mukunyamuka n'kungodzipweteka mkono. Ubwino wake ndi woti kuyambira mu Julaye 2016 bungwe la WHO linati katemera mmodzi ndi wa moyo wonse, ndiye khadi lakale musalitaye. Satifiketi ya TB imene dziko la Britain limafuna kwa anthu ochokera m'maiko ena okakhala kupitirira miyezi 6 imatha mphamvu pakatha miyezi 6 chijambulireni chifuwa. Kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu nayo maofesi a akazembe amafuna yaposachedwa. Mukaitenga msanga kwambiri, viza ikamatuluka iyo yakalamba. Tengani kalendala, lembani tsiku lonyamuka, muziwerenga chobwerera m'mbuyo pepala ndi pepala.

Za masatifiketi ndingonena mwachidule. Sukulu kapena olemba ntchito akunja nthawi zambiri safuna fotokope wamba. Maiko amene ali m'pangano la ku Hague la 1961 amalandirana mapepala okhala ndi chidindo chotchedwa apostille, pamene kwa ena pepalalo limadutsa ku unduna woona za kunja kenaka ku ofesi ya kazembe. Zimenezi zimatheka mukadali kwanu. Mukachoka mudzakhala mukupempha m'bale kuti akakuimireni pa mzere, ndipo iye ali ndi zake.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi mapepala a zinthu zimene mukusiya, chifukwa palibe amene adzakufunseni pa bwalo la ndege, ndiye aliyense amawaiwala. Banki yanu imatumiza nambala yachinsinsi ku SIM khadi yanu nthawi iliyonse mukafuna kutumiza ndalama. Mukafika uko mumaika SIM ina, yakale mumaiponya m'thumba la sutukesi, pakapita miyezi kampani ya foni imaitseka, mwinanso nambalayo n'kuipereka kwa munthu wina. Tsiku limene mwana akufunika fizi, ndalama zili m'banki koma simungazikhudze. Pitani ku banki musananyamuke, auzeni kumene mukupita, funsani ngati nambala zija angamatumize pa imelo, ndipo onani deti la pa khadi la ATM. Ngati litha muli kunja, sinthiranitu.

Nyumba, galimoto, malo, lendi, msonkho, zonsezi zimafuna siginecha ya munthu. Pitani kwa loya mukalembetse kalata yopatsa munthu mmodzi mphamvu yokusainirani, ndipo ilembedwe momveka kuti angachite chiyani, sangachite chiyani, mpaka liti. Ena amati kuchita zimenezi n'kusakhulupirira m'bale. Ine ndimaona mosiyana. Kalatayo imateteza m'baleyo, chifukwa achibale ena akadzayamba kufunsa kuti ndalama za lendi zikupita kuti, iye adzakhala ndi choonetsa. Ndipo ngati mukutenga mwana koma kholo linzanu likutsala, musadalire kuti munagwirizana pakamwa. Pa malire ambiri amafuna satifiketi ya kubadwa ya mwanayo ndi kalata yosainidwa ya kholo lotsalalo.

Odwala shuga, BP kapena amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, tengani kalata ya dokotala ndipo mankhwala akhale m'mapaketi ake, osati okhuthulidwira m'kabotolo kamodzi. Mankhwala ena opha ululu monga tramadol ndi codeine amaloledwa kwina, koma ku United Arab Emirates kulowa nawo popanda chilolezo ndi mlandu.

Mapepala enieniwo aziyenda m'chikwama cha m'manja, asalowe m'sutukesi yopita pansi pa ndege. Jambulani tsamba lililonse lofunika, makope ena mudzitumizire pa imelo, ena musiyire yemwe mwamupatsa mphamvu uja. Pasipoti ikakasowa, ofesi ya kazembe wa dziko lanu ndiyo idzakupatseni chiphaso chobwererera, ndipo ntchitoyo imafulumira mukawaonetsa kope ya tsamba lokhala ndi chithunzi chanu. Adilesi ndi nambala ya ofesiyo lembaninso papepala, chifukwa kawirikawiri wakuba amatenga foni ndi pasipoti limodzi.

Ine wowerenga wanu,
Mayi wogwirapo ntchito pa bwalo la ndege